Munda susamuka: kufukula makolo a ku England kudzera m'mapepala a malo

Aliyense amene anayesapo kulondola mzere wa makolo a ku England, kaya ndi kuchimuna kwanu, kuchikazi, kaya ana anu ali ndi agogo a kumeneko ndiye akukupanikizani ndi mafunso, akudziwa kuti poyambirira zinthu zimayenda myaa. Kuyambira mu July 1837 boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira, kalembera wa 1841 ali ndi mayina a anthu nyumba ndi nyumba, wa 1851 anawonjezera ubale wa anthu a m'nyumbamo ndi kumene aliyense anabadwira, ndiye umangotsetsereka basi. Ukadutsa pamenepo kubwerera m'mbuyo ndi pamene mutu umayamba kuwawa. Umatsala ndi mabuku a tchalitchi, amene anayamba mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya mfumu Henry VIII, atalamula kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro, koma kalembedwe kake aaa, wansembe ankangoti John mwana wa John wabatizidwa tsiku lakuti, watha. M'mabuku akalekale dzina la mayi nthawi zambiri mulibe. Ndiye mudzi umodzi uli ndi a John atatu a dzina la makolo limodzi, awiri anakwatira a Mary, onse akubereka nthawi imodzi, wanu ndi uti pamenepo?

Apa ndi pamene mapepala a malo amalowera. Anthu amatchana mayina ofanana, amasamuka, amafa, koma munda umakhala pomwepo, ndipo pa munda pali ndalama. Wansembe akasokoneza John ndi msuweni wake palibe ankaluza kanthu, koma mlembi wa za malo akasokoneza ndiye kuti wina walandidwa munda kapena bwana waluza lendi, choncho ankalemba mosamala kuti uyu ndi mwana wa uje, wamkulu kapena wamng'ono, wa zaka zakuti. Ndiye m'malo mothamangitsa dzina, umagwira munda umodzi n'kumaona kuti ukuchoka m'manja mwa ndani kupita kwa ndani.

Ambiri amagwa ulesi poganiza kuti makolo awo anali amphawi, analibe olo ekala imodzi, ndiye mapepala a malo ndi a anthu a nyumba zachifumu aja. Ayi ndithu. Mapepala ambiri amalemba anthu awiri pa puloti iliyonse, mwini wake ndi amene akukhalapo kapena kulimapo, ndiye olo munthu wochita lendi kanyumba ndi kadimba kuseri amatha kupezeka. Ndipo chodabwitsa n'chakuti mwini weniweni wa freehold nthawi zina ndi amene amavuta kumupeza kuposa wa lendi. Mawu a freehold ndi leasehold tikuwadziwa kale, ku maofesi a za malo kwathu amagwiritsidwa ntchito, koma musaganize kuti ku England kunali kaundula mmodzi wa eni malo kuyambira kale. Land Registry inabwera mu 1862 ndipo kulembetsa kunali kwa amene wafuna, anthu sanazitengere, kukakamiza kunayambira ku London mu 1899 ndipo kunafika dziko lonse mu 1990, posachedwapa. Zaka zonsezo umboni woti malo ndi ako unali mtolo wa zikopa zolembedwa umene unkasungidwa m'bokosi kwa loya kapena kunyumba, malo akagulitsidwa mtolowo unkapita ndi wogula. Madera ochepa okha ndi amene anali ndi maofesi olembetsera mapepala ogulitsirana malo: West Riding ya Yorkshire ku Wakefield kuyambira 1704, East Riding ku Beverley 1708, Middlesex 1709, North Riding ku Northallerton 1736. Ngati anthu anu ndi a kumeneko muli ndi mwayi, ena tonsefe timayenda njira yokhota.

Njira yake ndi kuyambira pafupi n'kumabwerera chambuyo. Pakati pa 1910 ndi 1915 boma linawerengera mtengo wa malo onse m'dzikomo chifukwa cha msonkho umene David Lloyd George, nduna ya zachuma pa nthawiyo, ankafuna, ndipo timabuku ta oyesa malo aja tili ku The National Archives, nyumba yosungira mapepala akale a boma, ku Kew mu London pansi pa nambala IR 58. Muli mwini, wokhalamo, lendi yake, nthawi zina mpaka nyumbayo ili ndi zipinda zingati ndipo denga lake ndi lotani. Kulinso buku la 1873 lotchedwa Return of Owners of Land limene linalemba aliyense wokhala ndi ekala imodzi kupita m'mwamba kunja kwa London, koma limenelo limangokuuzani dzina, kumene ankakhala, maekala ndi mtengo wa lendi, silikuonetsani kuti mundawo uli pati.

Pamene ine ndimati munthu ayambire mwamphamvu ndi mapu a chakhumi. Chakhumi cha ku England sichinali chija timaponya mu envulopu Lamlungu ndi mtima wofuna, linali lamulo, upemphere ku Church of England kaya ayi, mtolo wakhumi wa tirigu unali wa wansembe kapena wa munthu amene anagula ufulu wotolera, kamwana ka nkhumba kakhumi, mkaka, mazira, zonse. Mikangano inali yosatha, ndiye mu 1836 anakhazikitsa lamulo loti chakhumi chizilipidwa mwa ndalama, zimene zinkakwera kapena kutsika potengera mtengo wa tirigu, balere ndi oats pa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Kuti adziwe aliyense azilipira zingati anayenera kuyesa munda uliwonse, n'chifukwa chake kunatuluka mapu a madera pafupifupi 11,800 a ku England ndi Wales, ambiri anajambulidwa cha m'ma 1840 momwemo, zimene zikugwirizana bwino zedi ndi kalembera wa 1841. Munda uliwonse uli ndi nambala pa mapu, nambalayo ukaiona m'buku lotsagana nalo umapeza mwini, wolimapo, dzina la mundawo, ngati ndi wolima kapena wa msipu, kukula kwake ndi ndalama yake. Kukula ankalemba m'magawo atatu, maekala, ma rood ndi ma perch, ekala imodzi ndi ma rood 4 kapena ma perch 160, ndiye mukaona 3-2-10 musaganize kuti ndi deti. Ankapanga makope atatu, ina ya boma imene lero ili ku Kew mu IR 29 ndi IR 30, ina ya bishopu, ina ya parishi, ziwiri zomalizazi zambiri zili m'maofesi osungira mapepala akale a m'ma county (zigawo za ku England zonga maboma athu), ndipo pa intaneti webusayiti ya TheGenealogist ili nazo. Kalembera amangokuuza kuti banja linali m'mudzi wakuti, mapu a chakhumi amakulozera khomo lenilenilo loti ukhoza kukaimapo lero. Chenjezo ndi loti aganyu ambiri okhala m'tinyumba ta pafamu sanalembedwe mayina, pamangolembedwa dzina limodzi kenako "ndi ena", zowawa kwabasi ukadziwa kuti wako ali mu "ena" mmenemo.

Mukapeza kuti parishi yanu ilibe mapu a chakhumi, makamaka chapakati pa dziko ngati ku Northamptonshire ndi Leicestershire, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti nkhani ya chakhumi inatha kale pa nthawi yotchinga minda, wansembe anapatsidwa malo m'malo mwake. Kale midzi yambiri inkalima m'minda ikuluikulu yopanda mipanda, munthu ali ndi timizere apa, tina uko, ziweto zikudyera pamodzi ku dambo la onse. Kuyambira 1604 mpaka 1914 nyumba ya malamulo inavomereza malamulo opitirira 5,200 ophwanya dongosolo limeneli, maekala pafupifupi 6.8 miliyoni, ambiri pakati pa 1750 ndi 1850. Pepala logawira malo atsopanowo, enclosure award, limatchula aliyense amene analandira gawo. Amene ankangodyetsa ng'ombe yake ku damboko mwa chizolowezi popanda umboni wa lamulo sanalandire kanthu ndipo mulibe, ena analandira kagawo kakang'ono koma ndalama ya mpanda inawakanika n'kugulitsa. Banja likasowa mwadzidzidzi m'mudzi n'kukatulukira ku Leicester kapena Birmingham, taonani chaka chimene mudziwo unatchingidwa, kawirikawiri yankho limakhala pomwepo.

Kuchoka pa 1840 kubwerera m'mbuyo, mlatho wake ndi msonkho wa malo. Unayamba mu 1692 koma mindandanda imene inasungika bwino ndi ya 1780 mpaka 1832, chifukwa m'zaka zimenezo inali umboni woti munthu ali ndi ufulu wovota, ndiye kope inkapita kwa mlembi wa bwalo la county chaka chilichonse. Ukaiona koyamba imagwetsa mphwayi, mizere itatu basi, mwini, wokhalapo, ndalama, nthawi zambiri osatchula n'komwe dzina la munda. Koma chinsinsi chake chili pa ndalamapo. Msonkho wa malo amodzi unkakhala womwewo zaka zambirimbiri, ndiye nambalayo imakhala ngati chidindo cha chala cha malowo. Tiyerekeze mwapeza John akulipira mashiling'i 14 ndi mapeni 6 mu 1790, mukutsata chaka ndi chaka, mu 1797 pa mzere womwewo, ndalama yomweyo, palembedwa mkazi wamasiye wa dzina lomwelo, mu 1804 pabwera William. Ndiye kuti mwa maliro atatu a John amene ali m'buku la tchalitchi wanu ndi wa cha m'ma 1796 kapena 1797, ndipo William akuoneka kuti ndi mwana wa ameneyo osati wa John wa kumtunda uja amene akupitirizabe kulipira zake. Koma musathamange, otolera msonkho anali anthu a m'mudzi momwemo ndipo ankangokopera mndandanda wa chaka chatha, dzina la womwalira limatha kukhalapo zaka zisanu ali m'manda. Dzina likasintha ndi umboni woti chinachake chachitika, likapanda kusintha si umboni woti munthuyo ali moyo. Wa 1798 wokha uli pamodzi wa pafupifupi dziko lonse ku Kew mu IR 23, wothandiza ngati simukudziwa parishi.

Tsopano tifike pa nyama yeniyeni, copyhold. England yakale inali yogawidwa m'ma manor, malo a bwana mmodzi okhala ndi bwalo lakelake ndi miyambo yakeyake, ndipo anthu wamba ambiri ankakhala pa malo a bwanayo mwa mwambo wa manor. Umboni wawo unali kope ya zimene zalembedwa m'buku la bwalo, n'kumene dzinalo linachokera. Malo oterewa sunkangogulitsa kapena kusiyira mwana mwakachetechete, chilichonse chinkadutsa pabwalo. Wogulitsa ankabweza malowo m'manja mwa bwana, m'ma manor ambiri pogwiritsa kandodo kamene ankapereka kwa kapitawo wa bwana, kenako kapitawoyo ankapatsa wogula kandodo komweko, wogula n'kulipira ndalama yolowera, dzina lake n'kulembedwa. Munthu akamwalira, gulu la anzake okhala pa manor pomwepo amene analumbira kunena zoona linkauza bwalo kuti uje amene anali ndi nyumba ndi maekala asanu wamwalira chichitikireni bwalo lapitalo, bwana atenge heriot, imene kawirikawiri inali chiweto chabwino koposa cha malemuyo, ndipo woyenera kulowa ndi mwana wake wakuti. Mwanayo akakhala wamng'ono ankalemba zaka zake ndi amene azimuyang'anira, nthawi zambiri mayi ake, ndiye mu ndime imodzi mwapeza imfa, mkazi, mwana ndi zaka. Anansi amene ankamudziwa munthuyo maso ndi maso ndi amene akunena, pali umboni wina woposa pamenepo? Chinanso chokoma, makamaka m'mabuku a m'ma 1700 ndi 1800, n'chakuti polemba wolowa watsopano ankakonda kutchula tsiku limene womwalirayo analowa, ukapita pa tsiku limenelo upeza wa m'mbuyo mwake, unyolo umangopitirira choncho, pena zaka 200 kapena kuposa.

Koma dziwani kaye mwambo wa manor imeneyo musanagamule kuti wolowa ndi mwana wachisamba. Kwambiri malo ankapita kwa mwana wamwamuna wamkulu inde, koma m'ma manor ambiri a ku Sussex, Surrey ndi Suffolk kunali mwambo wa Borough English woti wolowa ndi mzime wamwamuna, pamene ku Kent kunali gavelkind, ana aamuna onse kugawana mofanana. Ife amene timadziwa kuti mudzi wina cholowa chimatsata kwa mayi, mudzi wina kwa bambo, izi sizitidabwitsa, koma ofufuza ambiri amagwa nazo, amatenga mzime n'kumuyesa wamkulu ndiye zaka zonse zimasokonekera. Mkazi wamasiye anali ndi ufulu wotchedwa free bench wokhalabe pa malo a mwamuna wake, m'ma manor ena ankautaya akakwatiwanso, choncho bwalo linkalemba ukwati wachiwiriwo ndi dzina la mwamuna watsopanoyo. Ndipo mwamuna akafuna kugulitsa malo amene mkazi ali ndi gawo, kapitawo ankamutengera mkaziyo pambali kumufunsa payekha ngati wavomera popanda kuopsezedwa, kaya zinkathandiza bwanji poti akatuluka apo akubwerera nyumba yomweyo, koma kwa ife phindu lake n'lakuti dzina la mkazi lalembedwa, pa nthawi imene chuma cha mkazi wokwatiwa chinali m'manja mwa mwamuna mpaka malamulo a 1870 ndi 1882.

Nkhani ya mwamboyi imamasuliranso chinthu china chimene chimazunguza anthu pa ma wilu, mapepala aja munthu amalemba mmene chuma chake chidzagawidwire akamwalira. Umapeza bambo watchula ana onse, uyu bedi, uyu mapaundi khumi, koma mwana wamkulu sanamutchule kapena wamupatsa shiling'i imodzi, ndiye anthu amayamba kupeka kuti anayambana. Nthawi zambiri sikuyambana ayi, munda unali kale wake mwa lamulo kapena anali atapatsidwa pokwatira, panalibe chifukwa choulembanso. Ndipo mpaka 1815 munthu wa copyhold ankayenera kukanena kaye kubwalo la manor kuti malo ake adzatsate wilu, apo ayi mwambo ndi umene unkagamula.

Zovuta zilipo. Manor si parishi, parishi imodzi imatha kukhala ndi ma manor anayi ndipo manor imodzi imatha kudumphira m'maparishi atatu. Mabuku ake anamwazika, ena ali ku ofesi ya county, ena ku makoleji a ku Oxford ndi Cambridge amene anali eni ma manor ambiri, ena akadali m'manja mwa mabanja. Chothandiza ndi Manorial Documents Register, kaundula amene anakhazikitsidwa mu 1926, chaka chimene copyhold inathetsedwa, ndipo lero mumamufufuza pa intaneti kudzera pa Discovery, katalogu ya The National Archives, mumalemba dzina la parishi n'kukuuzani ma manor ake ndi kumene mabuku ali. Kenako chilankhulo: isanafike 1733 zambiri zili m'Chilatini chodulidwadulidwa, kupatula m'ma 1650 pamene dziko linalibe mfumu. Musaope kwambiri, mawu ake ndi omwewomwewo, mukawerenga kaye mabuku a Chingerezi a pambuyo pa 1733 mpaka kuloweza kayendedwe kake, a Chilatini aja mumangosaka mayina ndi manambala. Samalaninso madeti, mpaka 1752 chaka chinkayamba pa 25 March, ndiye bwalo lolembedwa February 1720 kwa ife ndi February 1721, munthu akhoza kuoneka ngati wagula munda atamwalira kale.

Chakumadzulo, ku Devon ndi Cornwall makamaka, kunali lendi ya mtundu wina yoti imatha anthu atatu otchulidwa m'pepalamo akadzamwalira onse, kapena zikatha zaka 99. Munthu wanzeru ankatchula iye mwini, mkazi wake ndi mwana wamng'ono wooneka wathanzi, mmodzi akafa ankalipira kuti awonjezere dzina lina. Eni malo ankalemba mayina, ubale ndi zaka za anthu atatuwo n'kumafufuza ngati akadali moyo poti ndalama yawo inali pamenepo, ndiye mabuku awo amakhala ngati kalembera wa banja.

Zakale kwambiri ndingodutsamo mwachangu. Msonkho wa malo osonkhapo moto wa 1662 mpaka 1689, mashiling'i awiri pa chaka pa moto uliwonse, umakumbutsa msonkho wa nyumba wa nthawi ya atsamunda ndipo anthu ankadana nawo chimodzimodzi, koma umakuuzani amene anali mutu wa nyumba m'mudzi ndi kukula kwa nyumbayo, mindandanda ina inalembanso osauka amene anakhululukidwa. Feet of fines, kuyambira 1195 mpaka 1833, inali milandu yabodza imene wogula ndi wogulitsa ankapangana kuti khoti lisunge umboni, ankalemba katatu pa chikopa chimodzi n'kuchidula mokhotakhota, chidutswa cha m'munsi n'kutsala ku khoti, mayina a mwamuna ndi mkazi ndi odalirika koma maekala ndi mtengo wake musazikhulupirire kwenikweni. Domesday Book ya 1086 ija anthu amaitchula monyadira, kwa ambiri ilibe ntchito, inalemba mayina a akuluakulu okhala ndi malo pansi pa mfumu William the Conqueror, alimi wamba anangowerengedwa ngati manambala, ndipo nthawi imeneyo mayina a makolo opatsirana anali asanakhazikike n'komwe. Wina akakuuzani kuti wakulumikizani mpaka 1086 pa mtengo wakuti, gwirani chikwama chanu.

Mitolo ya zikopa ija ndinanena poyamba, yambiri inakathera ku maofesi a ma county maloya atayamba kuchotsa mabokosi akale m'zipinda zawo, ndipo olemba makatalogu kawirikawiri analemba dzina la malo ndi la banja lalikulu lokha, mayina a alendi, a mboni ndi a eni minda yoyandikana ali mkati osatchulidwa. Ndiye posaka mu Discovery kapena m'katalogu ya county musamangolemba dzina la banja lanu, lembaninso dzina la munda lija munalipeza m'buku la chakhumi, dzina la famu, ndi dzina la mwini malo amene makolo anu ankamulipira lendi, muyesenso kalembedwe kosiyanasiyana poti mlembi aliyense ankalemba mmene wamvera. Mtolo ukabwera pa tebulo yambani ndi pepala latsopano kwambiri, makamaka lija loya ankalemba mwachidule mbiri yonse ya umwini pogulitsa malo, abstract of title, chifukwa limatchula maukwati, imfa ndi ma wilu a eni ake motsatana, kenako muzimasula zikopa zinazo chimodzichimodzi n'kuzibwezera mmene munazipezera.